NKHOMBE: NDIWO YA MUMCENGA NDI MBIRI YATHU

Mbiri ya dziko ikonda kuchula mafumu ndi nkhondo. Ichula Undi, ichula Cikuse, ichula caka cimene Apwitikizi analanda dziko ndi caka cimene tinalandira ufulu. Zonsezi ndi zofunika. Koma mfumu sipita ku nkhondo ndi njala m'mimba, ndipo mudzi sukhala zaka mazana popanda ndiwo. Amene anali kufuna ndiwo tsiku ndi tsiku ndi amai ndi ana, ndipo maina ao sanalembedwe.

Lero, amai ndi abambo, tiwerenga za ndiwo imodzi yaing'ono ya m'mitsinje yathu ya Tsangano ndi Macanga. Ena a inu munaidya. Ena munaikana. Ena simunaionepo. Tonse tiri ndi kanthu kophunzira pa iyo.

Nkhombe ndi ciani?

Nkhombe ndi kanyama ka m'madzi. Ndi mbale wake wa nkhono, koma asiyana. Nkhono iri ndi cigoba cimodzi copotana. Nkhombe iri ndi zigoba ziwiri zimene zitseguka ndi kutsekeka ngati citseko. Kunja cigoba ndi cakuda kapena cofiirira. M'kati ndi cosalala, conyezimira.

Nkhombe iribe mutu, iribe maso. Iri ndi phazi limodzi lofewa ngati lilime. Ndi phazi limeneli idzikwirira mumcenga kapena m'matope. Cakudya cake ndi tizinthu ting'onoting'ono ta m'madzi. Imwa madzi, isefa cakudya, nkutulutsa madzi oyera. Motero nkhombe zikaculuka padziwe zithandiza kuyeretsa madzi.

Nkhombe sizikonda madzi othamanga a pamiyala. Ncifukwa cake kumtunda kozizira kwa Tsangano, kumene tilima kacewere ndi tirigu, sizioneka kawirikawiri. Zikonda kunsi, kumene mtsinje ufatsa ndi kuyala mcenga, monga m'mitsinje yotsikira ku Revubwe ndi ku Zambezi.

Kukumba

Akulu a m'makalasi athu akumbukira bwino nchito imeneyi, ndipo mau ao agwirizana. Nyengo yake inali cilimwe, mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa litakwiya, madzi ataphwa. Nthawi imeneyo ndiwo zisowa. Mfutso watha m'zikwatu, nyemba zatsala za mbeu, bowa ndi ngumbi zidikira mvula.

Amai anali kupita kumtsinje kukacapa, ana pambuyo. Akamaliza kucapa ndi kuyanika zobvala pamiyala, nchito yaciwiri inali kuyamba. Munthu anali kulowa m'madzi ofika m'maondo, nkumayenda pang'onopang'ono, akupapasa mcenga ndi zala za kumapazi. Phazi likakhudza kanthu kolimba, kosalala, kokhala ndi msana wakuthwa, anali kuwerama nkuzula ndi dzanja.

Odziwa sanali kupapasa cabe. Anali kuwerenga mcenga monga ife tiwerenga buku. Nkhombe ikamayenda isiya kanjira kokumbika, ngati mwana wakoka cala pansi. Pothera kanjirako ndi pamene yabisala. Pena pamangooneka kamng'alu kakang'ono potulukira madzi. Pamene matope ayamba kuuma anali kukumba ndi kamtengo kosongoka kapena kakhasu kakutha, cifukwa nkhombe zina zilowa pansi kuthawa dzuwa, nkudikira mvula ziri zamoyo.

Panali malamulo osalembedwa. Zing'onozing'ono azibwezere m'madzi. Dziwe limodzi asalimalize. Mwana asalowe yekha padziwe lakuya, makamaka kunsi kumene kuli ng'ona. Nsengwa ikadzaza, basi, kwao. Wofuna kudzaza dengu lonse anali kumseka kuti ndi wadyera.

Kuphika ndi kudya

Nkhombe saphika tsiku lomwelo ngati pali nthawi. Anali kuziika mumtsuko wa madzi oyera usiku wonse kuti zilabvule mcenga. Wophika mothamanga anali kudyetsa banja ndiwo yolira m'mano.

M'mawa mai anali kusankha. Imene yayasama, ndipo ukaigogoda sitseka, yafa: ija ndi yotaya. Zamoyo anali kuzitsuka nkuziponya mumphika wa madzi owira. Posacedwa zigoba zinali kuyasama zokha. Imene yakana kuyasama pamoto, nayonso ndi yotaya.

Atacotsa nyama m'zigoba anali kuitsukanso, nkuidula, nkuibwezera pamoto ndi madzi atsopano. Nyama ya nkhombe ndi yolimba, ifuna moto wautali. Ena anali kuthira cidulo pang'ono kuti ifewe. Kenaka mcere, matimati, ndi tsabola amene acepetsa fungo la matope. Pamene panali mtedza anali kutendera nsinjiro. Agogo ena atiuza kuti nkhombe zotendera, ndi nsima yotentha ya ufa woyera, zinali kumaliza nsima mbale isanazizire.

Anyamata oweta ng'ombe anali ndi njira yao yacidule. Anali kusonkha moto pamcenga, nkuika nkhombe pamakala. Ikayasama, msuzi wake nkumabwadamuka m'cigoba, anali kuitola ndi timitengo, nkudya akupsa zala. Ife amene tinakulira kunsi kwa mapiri tinalawako zoocha zotere. Sitinganame kuti zikoma kuposa nkhuku. Koma mwana amene wacoka kunyumba mbandakuca osadya kanthu sadandaula.

Cigoba sicinali kutayidwa. Cinali copalira nkhoko mumphika wa nsima. Cinali sipuni yomwetsera mwana phala. Amai oumba mbiya anali kupalira ndi kusalaza naco dothi. Anthu ambiri amene sanadyepo nyama ya nkhombe anadyera mumphika wosalazidwa ndi cigoba cake.

Umboni wa pansi pa nthaka

Kodi anthu anayamba liti kutola zinthu zotere? Buku silinena, koma nthaka isunga umboni. Nyama iola, nsengwa iola, koma cigoba cikhala zaka zambirimbiri.

Kutsidya kwa malire, m'mapiri a Chongoni pafupi ndi Dedza, muli mapanga a zithunzi zakale zojambulidwa pamiyala. Makolo athu anena kuti kale m'dziko lino munali Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zakudya za m'chire. M'caka ca 1972 katswiri wina, J. Desmond Clark, anakumba m'phanga lina la kumeneko lochedwa Mwana wa Chencherere. Pansi anapeza zida za miyala, mapale, mafupa a nyama ndi zigoba. Zotsala zimenezi zitiuza zimene anthu aja anali kudya ndi kugwiritsa nchito.

Ku nyanja yamcere ya dziko lathu umboni ndi woculuka. Ku Matola pafupi ndi Maputo, ndi ku Chongoene m'cigawo ca Gaza, akatswiri anapeza milu ya zigoba zimene anthu anataya atadya zaka zoposa 1000 zapitazo. Nchitoyi sinafe. Ku gombe la Maputo ndi la Inhambane, madzi a nyanja akabwerera, amai alowa m'matope kukumba nkhombe za m'nyanja, zimene m'Cipwitikizi azicha amêijoa. Kumeneko ndi ndiwo yolemekezeka, yogulitsidwa pamsika, yophikidwa pamodzi ndi cigwada ndi nazi. Cimene ena kuno acinyoza, kwina acilipira ndalama.

Masiku a Undi ndi ufumu wa Makanga

Zaka zoposa 400 zapitazo Undi anasiyana ndi Kalonga, namanga likulu lake ku Mano, kumpoto kwa cigawo cino ca Tete. Mafumu ang'ono anali kutula kwa iye minyanga ya njobvu, zikopa ndi nyama. Amalonda anali kubwera ndi nsalu ndi mikanda. Anabweranso ndi mphande, kacigoba koyera kozungulira kocokera ku nyanja yamcere, kamene anthu aulemu anali kubvala. Onani kusiyana kwake. Cigoba ca kutali cinali pacifuwa ca mfumu. Cigoba ca kwathu cinali m'dzanja la mai, pamafuwa.

M'zaka za m'ma 1700 kunafika munthu wocokera ku Goa, ku India, dzina lake Gonçalo Caetano Pereira. Anadza kufuna golide m'dziko la Undi. Ana ndi adzukulu ake anakula mphamvu, nakhazika ufumu wa Makanga. Dzina limeneli ndilo la distrito yathu: pa mapepala a boma alemba Macanga, koma tichula Makanga. Ufumuwu unatha m'caka ca 1902, pamene Apwitikizi anagonjetsa mfumu yake yotsiriza, Cinsinga.

M'migodi ya golide ya masiku amenewo okumba ambiri anali akazi, ndipo ambiri a iwo anali akapolo. Tiganize bwino apa. Mkazi anali kukumba mcenga ndi kuutsuka tsiku lonse, koma golide anali wa mwini mgodi. Mkazi yemweyo akakumba mcenga kufuna ndiwo, cimene wapeza cinali ca ana ake. Sitinamve kuti mfumu inalandirapo mtulo wa nkhombe, kapena kuti mzungu anaikapo msonkho. Kunyozeka kwake ndiko kunaisunga m'manja mwa osauka.

Alendo olemba anadutsa dziko lino. Lacerda anadutsa mu 1798, ndipo Monteiro ndi Gamitto anadutsa mu 1831, onse pa ulendo wocokera ku Tete kupita kwa Kazembe. Analemba za mafumu, za njira ndi za malonda. Gamitto analembanso zambiri za miyambo ya Amaravi. Koma mlendo aona ndi maso a mlendo. Zimene mai adziwa za dziwe la kwao, mlendo wa masiku awiri sangazidziwe.

Odya ndi osadya

Ca m'ma 1870 Angoni a Maseko anakhazikika pa phiri la Domwe, ku Angónia. Anali atayenda ulendo wautali kucokera kumwera, nafika mpaka ku Songea, m'dziko la Tanzania, nabwerera. Iwo anali anthu a ng'ombe. Cakudya caulemu kwa iwo cinali nyama ndi mkaka. Angoni akale sanali kudya nsomba. Ngati anakana nsomba, nanga nkhombe?

Angoni anakwatira akazi a Cicewa, ndipo ana ao analankhula cilankhulo ca amai ao. Pang'onopang'ono nsomba inalowa m'nyumba zao. Koma kunyansidwa ndi tinyama ta m'matope kunatsala m'mabanja ambiri a kumtunda. Pambuyo pake kunabwera mipingo ina imene iletsa kudya za m'madzi zopanda mamba ndi zipsepse. Pali enanso amene akana popanda lamulo liri lonse, mtima wao sufuna basi.

Ncifukwa cake m'kalasi limodzi mai wina akamba za nkhombe akumeza malobvu, mnzake akukwinya nkhope. Palibe wolakwa pa awiriwa. Ali yense wanyamula mbiri ya makolo ake pa lilime. Tikafunsa kuti kwanu munali kudya ciani, tifunsanso kuti makolo anu anacokera kuti.

Cibalo, nkhondo ndi cilala

Mu 1891 Apwitikizi ndi Angerezi anagawana dziko lino. Malire anawaika pamsana pa mapiri, pamene madzi a mvula agawikana. Abale anapezeka m'maiko awiri. Ndico cifukwa kuli Tsangano wa kuno ndi Tsangano wa ku Ntcheu.

Ulamuliro wa atsamunda unadza ndi msonkho ndi cibalo. Amuna anali kugwidwa kukagwira nchito yokakamiza. Ambiri anathawira ku Nyasaland, ena anapita ku mafamu ndi migodi ya Rhodesia ndi ya ku Joni. M'midzi munatsala amai, nkhalamba ndi ana. Wosaka nyama panalibe. Ndiwo ya mnofu inali imene mai ndi mwana angathe kugwira okha: mbewa, ziwala, nkhanu, tinsomba ta m'mono, ndi nkhombe.

Mu 1968 nkhondo yomenyera ufulu inayaka m'cigawo ca Tete. Apwitikizi anasonkhanitsa anthu ambiri m'midzi ya mpanda yochedwa aldeamento. Ena anakana, nakakhala m'chire. Wokhala m'chire aopa utsi ndi phokoso. Ndiwo yosafuna mfuti, yosafuna agalu, yosalira poigwira, inali bwenzi lake.

Ufulu unadza pa 25 Juni 1975. Koma mtendere sunakhalitse. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya pacibale inafika m'madera athu. Midzi inatsala mabwinja. Anthu anaoloka malire kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu. Dziko la Malawi linalandira anthu a Mozambique oposa 1,000,000. Mu 1992 kunagwa cilala coopsa. Amene anatsala kuno anakumba zitsime mumcenga wa mitsinje youma, nadya ciri conse cimene nthaka inawapatsa. Pa 4 Okutobala caka comweco pangano la mtendere linasainidwa ku Roma, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira anthu ambiri anabwerera kwao.

Apa pali cinthu cimene sitiyenera kuciiwala. Ana amene anakulira kothawa nkhondo anakula ndi ufa ndi nyemba zolandira pamzere. Sanatsate amai ao kumtsinje wa kwao. Sanaphunzire dziwe la nkhombe ndi dziwe la ng'ona. Nzeru imene inayenda kucokera kwa mai kupita kwa mwana zaka mazana inaduka m'zaka khumi. Nkhondo siononga nyumba ndi milatho yokha. Ionongansotu zimene anthu adziwa.

Palinso manyazi. Ena amene anapulumuka ndi ndiwo zotere safuna kuzichula, ati ndi zakudya za njala. Ife tinena kuti palibe manyazi pa cakudya cimene cinasunga mwana. Mwana ameneyo lero ndi bambo, ndi mai, mwina ndi amene wakhala pafupi nanu m'kalasi.

Mitsinje yathu lero

Akulu anena kuti maiwe ambiri amene anali ndi nkhombe tsopano alibe. Zifukwa zake tingazione ndi maso.

Coyamba ndi matope. Tadula mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, talima madimba mpaka m'madzi. Mvula ikagwa nthaka ikokoloka, nikwirira maiwe. Kumene anthu atsuka golide madzi akhala ofiira caka conse. Nkhombe isefa madzi kuti idye ndi kupuma. Matope akaculuka itsamwa.

Caciwiri ndi kutha kwa nsomba. Ambiri sadziwa kuti nkhombe zazikulu sizingabereke popanda nsomba. Ana ake pobadwa ndi ang'ono ngati fumbi. Amamatira pa thupi la nsomba masiku angapo, nsomba niwanyamula kupita nao kwina, kenaka agwera mumcenga ndi kuyamba kukula. Tikathira katupe padziwe, kapena kukokolola tinsomba tonse ndi neti ya udzudzu, tapha ndi nkhombe za mawa zomwe.

Cacitatu ndi kucedwa kukula. Taonani mizere pa cigoba. Ionetsa kukula kwa nyengo ndi nyengo. Nkhombe yodzaza cikhatho yatenga zaka zingapo. Dziwe limene latha tsiku limodzi silibwerera caka cimodzi. Makolo anali kudziwa zimenezi pamene anati zazing'ono zibwerere m'madzi. Mau a akuluakulu akoma akagonera.

Wofuna kukumba lero asamale zinthu ziwiri. Nkhombe isunga m'thupi mwake zonyansa za m'madzi. Tisatole kunsi kwa zimbudzi, kapena kumene atsukira mapampu a mankhwala a m'munda, ndipo tiphike mpaka zipse bwino. Cina ndi likodzo. Matendawa sacokera m'nyama ya nkhombe. Tizirombo take tituluka mu tinkhono ta m'madzi odikha, nkulowa pakhungu la munthu amene waima m'madzimo. Mwana akayamba kukodza magazi tipite naye kucipatala, mankhwala alipo.

Tilembe tokha

Undi ali m'mabuku. Cinsinga ali m'mabuku. Mai amene anadyetsa ana ndi nsengwa ya nkhombe caka ca cilala sali m'buku liri lonse. Kale anthu a kumudzi sanali kulemba, ndipo olemba sanali kufunsa amai. Tsopano pensulo iri m'manja mwanu. Dzina la dziwe, mwezi wokumba, kaphikidwe, caka ca njala: izi ndi mbiri, ndipo odziwa ndinu. Agogo akapita osanena, madzi atayika, ndipo madzi akatayika saoleka.

Tikambirane

1. Kodi nkhombe isiyana bwanji ndi nkhono?
2. Kwanu muicha dzina lanji? Munali kudya kapena ai? Cifukwa ciani?
3. Chulani nchito zitatu za cigoba ca nkhombe.
4. Kodi nsomba zikatha padziwe, nkhombe zitha bwanji?
5. Ndi ndiwo ziti zina zimene zinasunga anthu m'caka ca 1992?
6. Mudzi wathu ungacite ciani kuti maiwe asakwiririke?

Nchito yolemba

Pitani kwa munthu wamkulu wa m'mudzi mwanu. Mufunseni mwaulemu maina a maiwe a mtsinje wa kwanu, ndi ndiwo imene anali kupeza pa dziwe liri lonse. Lembani mizere isanu m'kope lanu. Sabata ya mawa ali yense adzawerenga zake pamaso pa anzake, ndipo tidzazisonkhanitsa m'buku limodzi la kalasi lathu.